A Rula ndi Nkhope ya Akazi Awo

A Rula, wojambula zithunzi amene ankachita lendi chipinda choyandikana ndi malo anga ometera, sankakhulupirira chithunzi chaching'ono. Ankati nyumba yokwana m'thumba la malaya ndi bodza lamkunkhuniza. Chilichonse ankayamba achigoneka patebulo, n'kuika rula yachitsulo pambali pake, kamera ili pamwamba ndendende. Potsuka chithunzicho ankachikulitsa mpaka rula yapapepala ifanane ndi rula yam'manja. Dzinalo linachokera pamenepo, lenileni tinaliiwala tonse.

Chimene chinkawadya mumtima tinkachidziwa. Akazi awo anamwalira kalekale, mwana analibe, ndipo chithunzi chokhacho chimene chinatsala chinali kachithunzi kapachiphaso, kochepa ngati sitampa. Taganizani, wojambula wathunthu! Ankadikira kuti apeze pepala lokwana munthu yense adzawajambule bwinobwino, imfa n'kufika pepala lisanapezeke. M'kachithunziko munalibe rula. Iwo ankafuna nkhopeyo pakukula kwake kwenikweni, maso awo asanatheretu ndi ng'ala.

Podikira zimenezo, makasitomala ndi amene ankaona zakuda. Pepala lawo lalikulu kwambiri linali ngati thireyi. Mkwati wina anabwera ndi mkazi wake atatchena, suti yobwereka, velo mpaka pansi. Tsiku lokatenga chithunzi anapezamo manja awiri ndi mphete basi. Anakalipa mpaka ine ndinasiya munthu nditameta theka.

"Nanga ifeyo tili kuti?"

"Simunakwane," anatero a Rula. "Koma taikani dzanja lanu pamenepo muone ngati ndanama."

Anaikadi, linakwana, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera mkwiyo.

Kalipentala wakuseri anafuna chithunzi cha chitseko choti azionetsa ogula. A Rula anachijambula chigawochigawo, n'kumata mapepalawo pakhoma lakunja kuti guluu aume. Masana omwewo chidakwa china chinagogoda pamenepo kwa nthawi ndithu, kenako chinadzandidandaulira kuti anthu a m'nyumba imeneyo ndi amwano.

Ine ndiye ndinalibe mtendere. A Rula ankalowa osagogoda, mapepala a nkhope ya akazi awo ali kukhwapa, nkhope iyi yokulirapo, iyi yocheperapo pang'ono, ati ndisankhe poti ndimagwira mitu tsiku lonse. Ndinkawayankha kuti mayiwo sindinawametepo, andisiye ndigwire ntchito. Ndikaloza imodzi kuti achoke, ankangoti, "Aneba, mukungondithamangitsa," n'kukhala pabenchi. Mayi wogulitsa zipatso, amene ankafananako ndi malemuwo, anawapirikitsa ndi tsache atamupempha kuti amuyeze pamphumi.

Tsiku lina kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa malemu, kudzawazonda. Anawapeza kwanga kuno. A Rula sanafunse n'komwe za ana kunyumba, anangomuyandikira n'kumamuyang'anitsitsa khutu mpaka mayiyo anachita manyazi.

"Alamu, ndolo zimenezi n'zandani?"

"Zinali za akulu anga. Bwanji kodi?"

"Tavulani imodzi."

Zinali ndolo zomwezo zimene malemu anavala pojambulitsa kachithunzi kapachiphaso. A Rula anadzitsekera, n'kukulitsa chithunzicho pang'onopang'ono mpaka ndolo yapapepala inabisika ndendende pansi pa ndolo yeniyeni. Kenako anamenya khoma kundiitana.

Kunena zoona, ndinakhumudwa. Kachithunzi kochepa chotero kakakulitsidwa kamabalalika. Nkhope inali mbuu, timadontho tokhatokha, maso ngati utsi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma iwo anali atagoneka kale chikhato patsaya la pepalalo, chala chachikulu pachibwano, zinazo zitafika kukhutu.

"Ndi yemweyu," anatero. "Dzanja langa linkathera apa."

Anaimirira chilili moyang'ana khoma, n'kundiuza kuti ndikhome msomali pamene pagunda chibwano chawo, chifukwa mayiwo akaima pafupi, mutu wawo unkalekezera pomwepo. Chithunzicho tinachipachika pamenepo.

Kuchokera tsiku limenelo sanabwerenso ndi mapepala. Ndinkangowamva kuseri kwa khoma akumwa tiyi, akufotokozera mayiwo za makasitomala opanda nzeru, nthawi zina n'kumandijedanso ine. Maso atatheratu kamera anaiphimba ndi nsalu, koma pachithunzipo ankafikapo osapapasa. Anamwalira nyengo yozizira, atakhala pampando wawo. Mlamu uja anadzatenga chithunzi ndi ndolo yake.

Masiku ano ndimameta mutu mpaka kumaliza popanda wondisokoneza, ndipo sizindisangalatsa ngakhale pang'ono. Pakasowa kasitomala ndimakhala duu, khoma lili zii. Ndimawasowa akuluwo, inde ine ndemwe ndinkawathamangitsa.

M'chipinda muja tsopano muli mayi wogulitsa mafoni. Dzana anabwera akudandaula kuti pakhoma pali msomali wopanda nzeru, wam'munsi kwambiri moti sungapachikepo wotchi, ndipo wamung'ambira kale bulauzi. Anandibwereka pulayala kuti auzule. Pulayala inali m'dirowa pomwe ndinatsamira, koma ndinamuuza kuti ndilibe.