Mabotolo Anayi a Chimanga

Lolemba

Ba Hedi andipatsa Giledi 3 pa sukulu ya komyuniti kuno ku Kanakantapa. Sabata imodzi yoyesera. Lachisanu adzaonerera, akakhutira andilembera kalata ya ku koleji ya aphunzitsi. Popanda kalatayo, chaka chinanso ine ndi khasu.

Ana 68. Mabenchi 14. Chitseko palibe.

Malamulo anga:
1. Sindikalipa.
2. Sinditukwana mwana wa munthu.
3. Sindidzakhala ngati Ba Madamu Sakala, amene ananditcha "mutu wa dzungu" pamaso pa kalasi ndili Giledi 4. Zaka khumi ndi chimodzi sindinawapatse moni. Kutchalitchi ndimawalambalala ngati chitsa.

Njira yanga ndi yamakono. Magulu anayi, mabotolo anayi. Gulu likayankha bwino, ndiponya njere ya chimanga m'botolo lake. Opambana Lachisanu sasesa. Ana ali zii. Uphunzitsi ngwophweka, anthu amangokokomeza!

Lachiwiri

Ndituluka kukapempha choko. Pobwerako, mabotolo onse adzaza mpaka m'khosi.

"Ba Ticha, ise tawina!" Magulu onse anayi.

Ine wa satifiketi ya Giledi 12, kuiwala kuti ndi mwezi wokolola, mwana aliyense kuno ali ndi chimanga m'thumba!

Sindikalipa.

Mmodzi yekha sanathireko: Esinati wa pakona, amene sanatsegule pakamwa chiyambire dzulo. Kope lake ndi loyera ngati ufa.

Lachitatu

Ndapaka njere zanga utoto wofiira wa zikhadabo, kabotolo konse kathera pomwepo. Abe tione.

Kuba kwatha, nkhondo yayamba. Gulu lachiwiri lanyengerera wanzeru wa gulu loyamba ndi mbatata yootcha. Gulu lachinayi latulutsa Esinati pabenchi.

"Uyu satibweretsera kanthu, mupaseni ena."

Ena akana. Wakhala pansi mpaka belu. Ndimafuna akonde masamu, aphunzira kusankhana ngati mavenda pa tomato.

Lachinayi

Nthawi ya buleki nkhuku za kuseri kwa sukulu zalowa. Mabotolo pansi, njere zonse psiti, zalowa m'mimba mwa nkhuku. Ana akulira ngati pamaliro, aliyense akuti gulu lake ndilo linali patsogolo.

Mwini nkhuku wabwera, chitenje m'chiuno: "Imwe Ba Ticha, nkhuku zanga zikafa na penti yanu, tizaonana."

Mawu anga athera pa "chete, chete". Usana onse ndikudzifunsa: anthu amachita bwanji zimenezi zaka makumi atatu?

Lachisanu

Ba Hedi akhala kumbuyo ndi kope. Ndilemba 7 + 5 pabolodi. Ndifuna aone kuti sindisiya mwana, ndiye ndiloza Esinati. Chete. Ndifunsanso. Chete. Nkhuku zabwereranso, zazolowera. Theka la kalasi likuthamangitsa tambala pansi pa mabenchi. Ba Hedi akulemba, akulemba.

"Yankha, mutu wa dzungu iwe!"

Ndani wanena? Ine. Mawu omwewo, ngakhale kakwezedwe kake. Zaka zonsezi ndimati ndikuwasunga kuti ndisaiwale mlandu, osadziwa kuti ndikusunga mbewu.

Esinati sanalire. Bola akanalira.

Ba Hedi potuluka: "Kalata iyembekeze. Bwerani futi Mande."

Loweruka

Ndapita kwawo kwa Esinati kukapepesa. Akutonola chimanga pabwalo. Ndigwada kwa amayi ake, ndifotokoza zonse. Aseka!

"Ndiye mwayendera izi? Mwana ni wanu, Ba Ticha, ngakhale kamkwapulo mufakeko."

Mayi wakhululuka msanga chifukwa sanatukwanidwe ndiye. Mwanayo akungondiyang'ana, manja ali pa chitsononkho. Diso limenelo ndimalidziwa. Ndi langa.

Ndinena pepa kwa iye mwini. Apitiriza kutonola. Ndafika pampanda, ndimva kumbuyo, motsitsa:

"Twelofu."

7 + 5 ija amaidziwa! Akuti pakona saona bolodi, ndipo anzake amamuseka akatsinzinira. Ndayenda mpaka kunyumba nambala imodziyo ikundiimbira m'mutu.

Sondo

Potuluka m'tchalitchi ndaima patsogolo pa Ba Madamu Sakala. Akalamba, ndodo m'manja. Monyinyirika, ndapinda mawondo.

"Mwauka bwanji, Ba Madamu?"

Andiyang'ana nthawi yaitali. Za dzungu sakumbukira, zikuoneka pankhope. Ine zaka khumi ndi chimodzi, iwo tulo tabwino!

"Namvera uphunzitsa manje. Bana ni bangati?"

"Sikisite-eyiti."

"Ine nenze na nayinte. Uzimwa madzi, pakhosi pamauma."

Sindinawakhululukire. Mwina theka.

Esinati wandiona pakhomo la tchalitchi, wandilambalala ngati chitsa. Ndi ufulu wake.

Za mawa:
Esinati benchi ya kutsogolo.
Ba Hedi, chitseko chonde.
Kalata kaya.

Mabotolo ndatsuka onse anayi. Ndithiramo madzi.