Mpesa Wosauzidwa Maliro

A Phiri, ikani kapuyo pansi, musamamwe tiyi uku mukupukusa mutu. Amene akukayika akwere basi mawa, atsikire ku Govan, ndikamuonetse zipsera za mtengowo aone yekha. Ine ndi imvi zonsezi, ndiname kuti ndipezepo chiyani?

Dimba lija linali la malemu mayi a kunyumba, Nachisale. Kuno kwa azungu madimba amachita kugawa akomiti, choncho analidikira zaka zambiri, ndipo atapatsidwa analipeza lili ndi kanyumba kagalasi, m'kati mwake muli mpesa wokalamba, thunthu lake ngati ntchafu ya munthu. Akaweruka kunyumba ya okalamba kumene ankagwira ntchito, ankayamba apita kumeneko asanabwere kwa ine. Atatisiya, ndinatha zaka ziwiri osapondako. Kenako inafika kalata ya akomiti ya madimba: pofika kumapeto kwa Seputembala, ngati dimbalo silioneka kuti lili ndi mwini wake, lipatsidwa kwa wina.

Ndinapita mu Epulo, chikwanje m'manja. Zimene ndinaona! Mpesa uja unali utaboola denga, wadumpha mpanda, wawoloka msewu, wazinga pokwerera basi katatu, wakwera chikepe chonyamulira zitsulo cha kokonzera zombo n'kutsikira mbali inayo, moti anthu a dera lonselo ankayanikapo zovala poyesa ndi chingwe chimene boma lawaikira. Mukumva? Ndinayambira kunsonga, kutema, kukoka, kuunjika, masiku atatu osakhala pansi, monga tinkasosera kwathu ku Ntcheu, mpaka unatsala thunthu ndi mikono iwiri.

Apo n'kuti a Dougie, mkulu wa dimba loyandikana nalo, amene anakalambira kuwotcherera zombo, akusuzumira pampanda. Anati, “Mwaupha, bwanawe. Mpesa amadulira pakati pa chisanu, uli m'tulo. Inu mwaudula utadzuka. Ukha madzi mpaka kuuma.”

Unayambadi kukha. Pachilonda chilichonse madzi oyera ngati misozi, dontho, dontho, kenako mtsinje: ndowa zinadzaza, migolo inasefukira, kabichi wa a Dougie anayandama n'kutuluka pageti ali pamzere, madziwo anatsetsereka mpaka mumtsinje wa Clyde, mtsinjewo unakwera moti chombo chimene anali asanamalize kukhoma chinanyamuka chokha, amisiri ali m'kati ndi nyundo zawo, ndipo anakachigwirira kunyanja. Mukumva, a Phiri? Ndinamata phula la kandulo, linasungunuka. Ndinamanga nsanza, ndinapaka dothi, ndinawotcha ndi chitsulo chamoto, madzi osaleka. Masabata atatu. Makungwa anayamba kukwinyika ngati khungu la wodwala, ndipo ndinadziwa kuti ukauma, dimba la Nachisale lapita.

M'mawa wina ndili pandowa yovundikira, ndinayang'ana kumene nthambi zija zinkalowera. Zonse zinkaloza pokwerera basi, pamene mayi ankatsikira. Mtengowo sunkalowerera ayi, unkafunafuna mwini wake. Uthenga wa maliro tinatumiza ku Ntcheu, ku Joni, kumpingo konse, koma kudimba sikunapite munthu. Zaka ziwiri ukudikira, kenako kukubwera ine ndi chikwanje, wopanda ndi moni yemwe.

Ndinabwerera kunyumba, ndinavala jekete lakuda limene ndinavala pamaliro a mayi. Nditafika ndinavula chipewa, n'kugwada pakhomo pa kanyumbako monga amachitira wonyamula uthenga, ndipo ndinati, “Pepani, ndachedwa nawo mawuwa. Mayi aja anatisiya. Sabweranso. Ndatsala ndine.” Ndinakhala pansi padothi, miyendo yotambasula, n'kuyimba nyimbo ya maliro mavesi onse. A Dougie, osamva liwu ndi limodzi lomwe, anavula chipewa chawo naimirira pampanda mpaka ndinamaliza. Pofika vesi lomaliza madzi anali ataleka.

Sabata isanathe unaphuka. Ndinaumangirira pawaya, kuupatsa manyowa, kutsegula mawindo kukatentha, kupatulira masamba kuti dzuwa lochepa la kunoli lilowe, ndipo pofika Seputembala mphesa zinali ngati mapapaya, phava limodzi tinkanyamula awiri pamtengo, ine kutsogolo a Dougie kumbuyo...

Ayi. Pamenepa pokha ndisawonjezere, mayi angandimve. Phava linali limodzi, mphesa zake khumi ndi imodzi, zazing'ono ngati nandolo, zowawasa zoyayamitsa mano. Mayi wa komiti atabwera analawa imodzi, nkhope inakwinyika, koma anameza. Anayang'ana pansi posesa bwino, anayang'ana waya, n'kutulutsa cholembera kuti afufute dzina la Nachisale alembe langa. Ndinamugwira dzanja. Ndinati alembe langalo pansi pake, lakelo alisiye. Anatero.

Za chombo zija mukhoza kuchotserako pang'ono, zombo sindizidziwa bwino. Koma zoti mtengo uja unamva, a Phiri, musanditsutse. Ndinalipo ndine.