Tsiku Limene Ndinaba Apongozi Anga

Amene akukayika adzuke pompano asiyire ena benchi, chifukwa ine sindiyankhula ndi anthu otsinzinirana maso. Ndati filimu imene yamutulutsa mimba Zakeyu ija ndinaipanga ndine, Lufeyo Kamtedza, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze pano pabawo dzuwa likuswa mtengo.

Mwamuona dzulo akutsika minibasi pano pa Mitundu, magalasi akuda kumaso, kajekete kamatumba khumi, amayi ogulitsa tomato akumupatsa moni ndi manja awiri, aliyense "adairekita, adairekita." Mtima unandiwawa, sindibisa, mpaka chipisi chimene ndinali nacho m'manja chinasanduka dothi. Munthu amene tinkasoka naye fodya pa esiteti kuseri kwa Nathenje, tonse matenanti, tonse zigamba kumatako, lero akumuitana ku Lilongwe kuti akaphunzitse ena mmene anthu atatu okha angaopsezere dziko pakanema. Akaphunzitsa chiyani iyeyo? Akundidyera masuku pamutu, mukumva?

Zinayamba chonchi. Zakeyu anagula foni yojambula, galasi lake long'aluka, n'kubwera kwa ine kuti tipange filimu ya munthu wobedwa. Ndalama zolembera anthu panalibe, ndiye osewera tinali atatu basi: wakuba, wobedwa, ndi m'bale wa wobedwayo womufunafuna. Iye anadzipatsa mbali ya wofunafunayo kuti nkhope yake izioneka ikulira m'minda. Ine anandipatsa ya wakuba. Wobedwa anayenera kukhala mtsikana wina wa kwaya, koma m'mawa wa tsiku lojambula makolo ake anamuletsa, ati mwana wawo sangamangidwe zingwe asanakwatiwe.

Tsono chigafa chimene tinabwereka, chija timayanikamo fodya, chinali cha apongozi anga aNambewe, amayi a mkazi wanga, pamudzi pomwe ndimakhala chikamwini. Anatipeza titagwira m'chiuno, ndipo anayankhula kwa Zakeyu, osati kwa ine: "Mukusowa munthu woti mumube? Ndibeni ine. Chibadwire sindinabedwepo."

Inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi, simungamve kulemera kwa mawu amenewa. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sawakhudza, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Zaka khumi ndi ziwiri ndili pamudzipo ndinkawadziwa mawu ndi zidendene basi. Ndikane, ndiye kuti ndawanyoza, ndiwamange, ndiye kuti ndawakhudza, ndipo konseko mathero ake ndi ine pamsewu, katundu pamutu, munda wandithera, mkazi wandithera.

Apa m'pamene nzeru zanga zinabadwira, ndipo mumvetsere bwino chifukwa izi n'zimene Zakeyu akukagulitsa m'tauni. Apongozi anakhala pabelo la fodya n'kudzimanga okha ndi luzi, mfundo yomaliza anamanga ndi mano. Foni tinaimangirira pansanamira pafupi ndi iwo, moti kufulatira apongozi kunali kufulatiranso foni. Ine ndinalowa chafutambuyo, chikwanje m'manja, n'kukagwada kumapeto kwenikweni kwa chigafa, msana kwa iwo. Zakeyu anali atandiuza kuti ndikuwe, "Khala chete iwe, ndikupha!" Iwe kwa apongozi? Pakamwa panakana. Ndinawomba m'manja katatu, n'kunong'ona, "Pepani amayi, mwakhala bwino pamenepo? Musadzivute n'kukuwa, kulibe wokumvani." Ndiyeno ndinayamba kunola chikwanje pamwala pang'onopang'ono, kwee, kwee, osacheuka.

Abale anga, mantha amene anagwa m'chigafamo! Fodya amene tinapachika m'mawa womwewo ali wobiriwira anauma nthawi yomweyo n'kusanduka wagiredi yapamwamba, chiswe chimene chinkadya nsanamira chinalavula n'kuima pamzere kumvetsera, nkhuku imene inali pakhomo inaikira dzira lophikaphika, ndipo batire ya foni, imene inali itatsala kadontho, inakana kutha masiku atatu chifukwa nayonso inkafuna ione ngati munthuyo acheuke. Mukumva? Ola lathunthu munthu mmodzi pabelo, munthu mmodzi pamwala, Zakeyu kunja akulira m'mizere ya chimanga, basi.

Filimuyo itafika muvidiyo sho pano pa Mitundu, ndiye eee! Wakuba wokuwa anthu anamuzolowera, amamuonera akutafuna mzimbe, koma wakuba wogwada, wowomba m'manja, wonena pepani, amene sakuyang'ana n'komwe, ameneyo akacheuka achita chiyani? Anthu anagwira mpweya onse pamodzi mpaka matabwa a nyumbayo anapindikira m'kati ndipo denga linatsika kudzakhala pamitu, mwana amene anali m'mimba mwa mayi wina anafuula momveka kuti "Asacheuke!", bambo wina analowa tsitsi lili bii n'kutuluka ndi imvi moti mkazi wake anamugwadira poyesa apongozi ake, makondakitala anasiya kuitanira ndipo minibasi zinapita ku Lilongwe zopanda anthu ngakhale madalaivala, owotcha makala anatsika ku Dzalanyama kudzaonera n'kubwerera ali oyera ndi mantha, ndipo mtsinje wa Diamphwe unaima chilili sabata yathunthu kudikira kuti wina akauuze mathero. Funsani asodzi akumeneko, anatola nsomba pamchenga.

Ndiye taonani njiru ya munthu. Pamapeto a filimu Zakeyu analemba dzina lake katatu, la apongozi kamodzi, langa ayi. Anthu akamufunsa amati, "Ndi luso langa limenelo, ndinamulamula wosewerayo kuti asacheuke." Akafunsa kuti wosewerayo ndani, amati katswiri wina wa ku Joni amene anabwerera kwawo. Ku Joni! Ine amene malire anga ndi Nathenje!

Sabata yatha ndinamugwira jekete pamsika pano, ndinati anene dzina langa asanakwere minibasi ya ku Lilongweyo. Iye anangoseka, ati bweretsa mboni. Mboni inalipo imodzi yokha padziko lapansi. Ndinatenga amuna anayi aulemu wawo, tinapita kwa aNambewe, ine ndinagwada kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, anzangawo n'kufunsa kuti amayi, anakubani m'chigafa uja ndani?

Iwo anatsokomola, n'kuti, "Kubedwa ndinabedwa ndithu, ndipo anali munthu waulemu, woleredwa bwino. Koma nkhope yake sindinaione."

Anzangawo anati, kodi si akamwini anu a Lufeyo?

"Awo? Ayi. Akamwini anga ndi amantha, sangabe ndi nkhuku yomwe. Mukufuna mudzi wonse umve kuti ndinatsekeredwa m'chigafa ndi mkamwini? Wakuba uja anali mwamuna weniweni."

Chabwino, pamantha paja sananame kwenikweni. Chikwanje ndinkachinola chifukwa dzanja linkanjenjemera, ndipo mathalauza amene ndinavala tsiku limenelo ndinakachapa ndekha kudambo. Koma amene ananjenjemerayo ndine, ndipo umboni ndimayenda nawo. Filimuyo nonse munaionera, nkhongo ya wakubayo mukuikumbukira, yamapindi atatu, khutu lakumanzere lopendama. Dikirani ndifulatire, ndigwade ngati tsiku lija. Nayo. Yang'anani bwinobwino, musafulumire, kenaka wina anene mokweza kuti ndi ya yani.

Bwanji mwangoti zii? Ndi mantha, eti? Ndinakuuzani ine.

Kodi mudakalipo?