Mafuta a Nsomba ndi Makutu a Zulfa

Doko la Bua,
Nkhotakota.
Okutobala, 1996.

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zogawagawa ndi Zolandira Kuchokera Kunja, amenenso ndinu Phungu wathu wokondedwa.

Bwana,

Ndasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire cholemberachi, kuopa kuti girisi angadetse pepala lopita pamaso panu. Ine ndine Bakari Kalilu, wokonza mainjini a maboti pano padoko, munthu wamba amene munamugwirapo chanza nthawi ya kampeni maso anu ali kwina. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala chifukwa munatiuza nokha kuti masiku ano kuli ufulu wolankhula. Ufuluwo kwathu tinalandira tonse kupatula mwana wanga Zulfa, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene salankhula. Choncho womulankhulira ndine.

Cholinga changa n'kuthokoza basi. Chaka chino munakumbukira ana ochedwa kulankhula ndi ochedwa kukula, n'kutibweretsera makatoni a makapisozi a mafuta a nsomba ochokera kunja. Mayamiko anga ndawaika m'manambala kuti mlembi wanu awawerenge msanga asanayatsire mbaula pepalali.

1. Zikomo potibweretsera nsomba kunyanja. Ife tinali mumdima, Bwana. Tinkangodya usipa, utaka, kampango ndi mpasa wa mu Bua, osadziwa kuti nsomba yothandiza mwana ndi yokhayo imene yakwera ndege. Zulfa chisiyireni kuyamwa sanagonepo osadya nsomba. Zovala zake, tsitsi lake, ngakhale mphasa imene amagonera, zonse zimanunkha nsomba, moti amphaka a m'mudzi muno amamuperekeza akamapita kumjigo. Nafenso tinkadabwa kuti chikumusowa n'chiyani. Inu munazindikira muli ku likulu komweko kuti akusowa nsomba.

2. Zikomo chifukwa cha mwambo umene munachititsa pogawa mankhwalawa. Munasankha Lachisanu, nthawi yeniyeni ya swala, ndipo tinasiya mzikiti uli mbee kuti tikakuombereni m'manja. Mipando ya mutenti inadzaza ndi akuluakulu a chipani, ana amene munawabwerera aja ali padzuwa kumbuyo kwa magalimoto. Munalankhula za ana osalankhula mpaka mthunzi unatembenuka. Mwina mukukumbukira kuti nthawi ina chimkuzamawu chinalira mwadzidzidzi, anthu onse n'kugwira m'makutu, mbuzi n'kuthawira kumadzi. Mwana mmodzi yekha sanaphethire n'komwe, anapitiriza kujambula pamchenga ndi kamtengo. Inu munamuloza, n'kuuza khamu lonse kuti ameneyo ndiye mwana wodekha, chitsanzo cha fuko lathu latsopano. Mwana ameneyo ndi Zulfa, Bwana, ndipo mayi ake, a Rahila, analira njira yonse pobwerera kunyumba. Anthu ankati akulira ndi chimwemwe.

3. Zikomo potisiyira makatoni aja popanda wotiuza kagawidwe kake. Mvula ya m'manja itangotha munakwera galimoto, katundu n'kutsala m'manja mwa a Layson, tcheyamani wa chipani chanu kuno. Tsono ife padoko tili ndi mwambo wathu: khoka likamatuluka, aliyense amene wagwira chingwe, ngakhale ndi chala chimodzi, sabwerera chimanjamanja. Makatoni anu anatsitsidwa mulole ndi mudzi wonse, ndipo anagawidwa monga timagawira nsomba, timilutimilu pamchenga. Mbale yanga inalandira mofanana ndi mbale ya a Sailesi, mkulu amene ali ndi zidzukulu zokwatiwa.

A Sailesiwo ndi munthu amene amayamba kulankhula asanatsuke mkamwa, ndipo amapatsa moni ngakhale bwato lopanda munthu. Chiyambireni kumwa makapisozi anu, pakamwa pawo sipatsekekanso, moti akazi awo a Zelifa anapita kukaona mchemwali wawo kwa Mwadzama ndipo sanabwerebe. Apa ndiye ndivomereze kuti mankhwala anu ndi amphamvu. Asodzi nawo anatulukira kuti kakapisozi kamodzi kakakolekedwa pambedza, kampango amabwera yekha mothamanga. Mukamalemba lipoti lopita kwa azungu amene anapereka thandizoli, muwauze kuti mafuta awo anafika bwino ndipo ambiri abwerera m'mimba mwa nsomba momwe anachokera.

4. Zikomo chifukwa cha mawu olembedwa pabotolo, amene palibe amene anawawerengapo m'boma lonse lino. Ambiri kuno ndife Asilamu, ndipo tinafuna kudziwa ngati kachikopa kokutira mafutawo n'kahalali, poti tinamva kuti kwina amakapanga ndi za nkhumba. Shehe wathu analitembenuza botolo uku ndi uku n'kunena kuti si Chiarabu. Tinapita nalo kwa a Manasseh, mphunzitsi wopuma wa ku Angilikani, amene anavala magalasi awiri n'kunena kuti si Chingerezi, ndipo ngati ndi Chingerezi ndiye kuti chinadwala panjira. Kwa nthawi yoyamba Shehe ndi mphunzitsi wa mishoni anagwirizana chimodzi, ndipo umodzi umenewu tikuthokoza inu.

Pomaliza Shehe analamula kuti tiziboola kakapisozi ndi singano, tizifinyira mafuta pasupuni, chikopacho tizitaya. Ndi zimene a Rahila amachita m'mawa uliwonse. M'kutentha kwa mwezi uno makapisozi amamatana m'botolo n'kukhala chibuluma chimodzi, ndiye amayamba awalekanitsa ndi mpeni. Zulfa amati akaona supuni amatseka maso, n'kuyasama yekha, n'kumeza nkhope itakwinyika. Sanakanepo. Akameza amayang'ana mayi ake pakamwa, kudikira kuti aone ngati akondwa. Ine ndikaona zimenezi ndimatuluka panja, chifukwa zimandiwawa.

5. Zikomo chifukwa cha nkhani yabwino imene tinamva pawailesi, yoti ntchito yanu yabala zipatso ndipo mwana wina wa kuno wayamba kulankhula. Tinamumva mwanayo akukuthokozani mosadodoma, maudindo anu onse osaphonya ndi umodzi womwe. Mawuwo tinawazindikira msanga. Ndi Thandi, mwana wa a Layson, amene amagulitsa zitumbuwa pamsewu, ndipo akaitanira malonda amamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Mwana ameneyu anayamba kulankhula asanayambe kuyenda. Ngati muli ndi makapisozi ena ochepetsako, oyandikana nawo nyumba apempha kuti ndiwaperekere dzina.

6. Apa ndiye pagona kuthokoza kwanga kwakukulu.

Zulfa sanabadwe chete. Ankaitana amayi ake, ankanditcha ababa, ankatchula madzi. Ali ndi zaka ziwiri anadwala kutentha thupi koopsa, m'makutu n'kumatuluka mafinya. Atachira, mawu aja anayamba kuthothoka limodzilimodzi mpaka anatha. Masiku ano amakhala pambali panga ndikamakonza injini. Ndikailiza, akuluakulu amasuntha, koma iye amaika dzanja pachitsulo n'kumaseka chifukwa chikunjenjemera. Azana yoitanira anthu kuswala ikamveka kumzikiti satembenuka. Ine si dokotala, Bwana, ndine wa masipanala, ndipo sindikudziwa ngati makutu akewo angathandizike kapena ayi. Ndikungofuna munthu wodziwa asuzumiremo.

Munthu wotere alipo. Kuli dokotala wa makutu amene amachokera kutali n'kufika kuchipatala cha kuno kamodzi pachaka, ndipo akubwera mwezi wamawa. Chaka chatha tinamuphonya chifukwa tinamva mochedwa. Chaka chino a Rahila anakalembetsa dzina la mwana mvula isanathe. Sabata yatha atapita kukafunsa tsiku, anauzidwa kuti dzinalo linachotsedwa. Akuti kunabwera lamulo lochokera ku ofesi yanu loti ana onse amene analandira mafuta a nsomba ali kale pa chithandizo, asachulukitse mzere, ayambe amaliza mabotolo awo kuti zotsatira zioneke bwino. A Rahila anafotokoza kuti mwanayo samva. Anawayankha mwaulemu kuti apitirize kumumwetsa.

Ndiye onani ukulu wa mphatso yanu. A Sailesi, amene anamwa makapisozi ambiri kuposa mwana aliyense, akhoza kukaonana ndi dokotalayo tsiku lomwe adzafike atafuna, chifukwa pamndandanda wa olandira mafuta panalembedwa ana okha. Kampango nayenso ndi mfulu. Mwa atatuwa woletsedwa ndi Zulfa yekha, chifukwa ndi amene anamwa mokhulupirika. Ndakwiya, Bwana, ndipo ndikuopa. Akamuphonyanso dokotalayu adikira chaka china, anzake amene anabadwa nawo akupita kusukulu yaulere ija, iye ali pansi pa bwato kumvera injini ndi dzanja.

Mafuta anuwo sindikuwanyoza. Mwina alipo ana amene amawathandiza, ndipo khungu la Zulfa likusalala ndithu. Kungoti timawathira mkamwa pamene vuto lili m'khutu.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Lembani mzere umodzi wokha wopita kuchipatala, wonena kuti dzina la Zulfa Bakari libwezeretsedwe dokotala asanafike. Cholembera ngati chasowa, ndikutumizirani ichi ndikamaliza.

Ndipo poti sibwino kupempha chimanjamanja, ndapatsira kondakitala wa basi kaphukusi kanu. Muli botolo limodzi losatsegula. Chikusankhireni, Bwana, takhala tikutchera khutu pawailesi nthawi ya Nyumba ya Malamulo, koma mawu anu sitinawamvepo, ngakhale kutsokomola. Tinabwera ku ofesi yanu, tinatuma anthu, tinakuitanani pamsewu galimoto yanu ikudutsa, koma simunatembenuke. Zizindikiro zimenezi ine ndimazidziwa bwino, ndimakhala nazo m'nyumba. Muzimwa kamodzi m'mawa uliwonse. Ngati chikopa chake chikukukayikitsani, singano ndaikamo.

Tikadzamva mawu anu m'Nyumbamo, ndidzalembanso m'nyuzipepala yomwe ino kupepesa, ndipo ndidzauza dziko lonse kuti mafuta a nsomba amatsegula pakamwa. Koma botolo likatha muli chomwecho, musataye mtima. Dzabwereni mwezi wamawa kwa dokotala wa makutu, tidzakusungirani malo pamzere kumbuyo kwa Zulfa. Mukadzafuna kuti akupatseni mpata wodutsa monga mwa ulemu wanu, musadzavutike n'kumuuza maudindo anu kapena kumuitana dzina. Mudzamugwire paphewa.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuyera mchenga,

Bakari Kalilu,
Wokonza mainjini, wokuvoterani, bambo ake a mwana wodekha uja.