Sabata Yophunzitsa Bitoni Kugona

Lolemba

Lole yabwera m'mawa kudzatenga amayi a pa esiteti pano. Akukakonzekera magule a chipani ku Blantyre, abwerako Lamulungu. Mayi a Bitoni apita nawo. Ana amene akwera ndi oyamwa okha. Bitoni anasiya bere mwezi watha, ndiye watsala ndi ine.

Lole ikunyamuka, mayi ake akuwa ali pamwamba: "Akavuta muzingomubereka!" Ndavomera ndi mutu. Sindimubereka. Ndine kalaliki wa pa sikelo yoyezera tiyi, ndipo ndili ndi pulani.

Pulaniyi ndinaimva pa wailesi kwa alangizi a zaumoyo. Akuti kugona mwana amachita kuphunzira, monga kuyenda. Zofunika:

kumusambitsa madzi ofunda dzuwa likalowa,
phala,
mphasa yakeyake,
kuzimitsa nyali,
akalira osamunyamula, atopa yekha.

Chibadwire Bitoni m'nyumba muno simunagonedwe tulo tolongosoka. Mayi ake amati ana onse ndi otero. Akamabwera Lamulungu apeza mwana wina, ndipo adziwa kuti chimasowa ndi dongosolo basi.

Masana azikhala kwa mayi Namakhwa, khomo loyandikana ndi lathu kuno ku malaini, nyumba za antchito. Amuna awo ndi alonda a usiku pa geti la fakitale.

Ndamusambitsa. Wadya. Ali pa mphasa, ali phee, akuyang'ana denga. Zosavuta!

Lachiwiri

Sanatope.

Alangizi aja sananene kuti munthu adikire mpaka liti. Bitoni amalira ngati ali pa ganyu: akapuma pang'ono, kumwa madzi, n'kupitiriza pomwe anasiyira. A khomo lakumtunda anamenya khoma. Wina pamzere wachiwiri anafunsa mumdima ngati kwagwa maliro.

Sindinamunyamule. Ndinangomuika pachifuwa, zomwe n'zosiyana ndi kunyamula. Ndinamuimbira nyimbo za kutchalitchi zonse zimene ndimazidziwa. Iye amaomba m'manja ndikamaliza iliyonse. Pamene belu la ku fakitale limalira anali atakhala pamimba panga, akundisegula zikope ndi zala kuti aone ngati ndilimo.

Kuntchito ndayeza dengu la mayi wina kawiri. Mayiyo sanadandaule.

Madzulo ndafunsa mayi Namakhwa kuti Bitoni waswera bwanji. "Mwana wabwino uyu, bambo a Bitoni, savuta n'komwe." Mwina akumusokoneza ndi mwana wina.

Lero ndawonjezera phala.

Lachitatu

Phala likachuluka limabwerera. Bulangete lili padzuwa, ngakhale dzuwa kulibe.

Nkhani yanga yafika kale pa shedi yoyezera. Aliyense wobwera ndi dengu akubwera ndi nzeru. Mumuike chitenje cha amake pamphuno. Mumupake mafuta m'mapazi. Musamadutse naye pansi pa mtengo wa mango madzulo. Akapitawo, omwe ali ndi ana odzaza malaini awiri, akuti: "Mtopetseni, a Kalaliki. Mwana ali ngati njinga, akaphwa mpweya amaima."

Nditaweruka ndapita naye wapansi kumsika wa ku Chitakale, iye akuyenda yekha. Wayenda mpaka pa mlatho woyamba, kenako wakweza manja. Kuchokera pamenepo woyenda ndine.

Pamsika wayamba kulirira chinanazi cha munthu wina. M'thumba ndinalibe chomutonthozera koma khadi la chipani, ndiye ndamupatsa agwire. Watonthola. Tikutuluka, anyamata a chipani ali pa chipata: "Khadi, bambo."

Khadi lili m'kamwa mwa Bitoni.

Ndalitulutsa lonyowa, ngodya imodzi palibe. Mnyamata mmodzi waliyang'ana kutsogolo, kumbuyo, wandiyang'ana ine. Thukuta mpaka m'masokosi. Pali anthu anapita kokayankha mafunso pa nkhani zochepa kuposa iyi, mabanja awo akuwadikirabe. "Wadya ndani?" Ndaloza Bitoni. Bitoni wamwetulira, kachidutswa kali pa dzino. Mnyamatayo walipukuta pa malaya anga n'kundibwezera. "Mwana wokonda chipani. Koma muzimupatsa chakudya."

Tafika kunyumba ine ndatheratu. Iye akuthamangitsa nkhuku za eni.

Lachinayi

Ndatulukira!

Masana ndabwerera kunyumba kudzatenga jekete chifukwa chiperoni chatsika kuphiri. Ndati ndisuzumire kwa a Namakhwa. Pakhomo zii. Mayi Namakhwa akusankha nandolo, akundiuza ndi chala pakamwa kuti ndisaphokosere. Mkati amuna awo, a Namakhwa, agona chagada, nkonono ngati thirakitala. Pambali pawo Bitoni, nayenso chagada, mwendo uli pamimba pa alonda.

Akuti amagona choncho kuyambira ndikangochoka mpaka ndikamaweruka. Akuti ngakhale mayi ake akapita kothyola tiyi zimakhala chomwechi, kuyambira kale.

Mwana wanga ali pa shifiti ya usiku. Palibe anandiuza.

Ndawapempha mwaulemu kuti masana azimudzutsa, azisewera. Mayi Namakhwa andiyang'ana ngati ndawapempha mbuzi. "Ndiye akadzuka uyu, abambo akunyumba agona bwanji? Anthu a ntchito amenewa."

Ine ndiye wa masewera.

Pulani ndaisintha pang'ono. Mphasa yakeyake: yachoka. Kuzimitsa nyali: yachoka, mumdima amandiponda kumaso. Kusambitsa kulipobe, ngakhale amene amasamba kwambiri ndine.

Lachisanu

Ndagona pa sikelo.

Sindikudziwa kuti zayamba bwanji. Ndimalemba, kenako ndikumva mvula pa malata, kenako ndikuona nsapato za bwana manijala. Kumbuyo kwawo mzere wa anthu ndi madengu awo mpaka kumsewu, anyowa, onse ali chete. Akuti amati andidzutse koma mayi wina anawaletsa: "Musiyeni, ali ndi mwana wamng'ono."

Bwana sanakuwe. Anena pang'onopang'ono kuti aliyense amve: zikachitikanso, pensulo ndisiye, nditenge dengu. Ndipo nyumba ya kalaliki ndi ya kalaliki.

Ndaima chilili tsiku lonse. Mpando ndapatsa akapitawo.

Madzulo ndatenga chitenje cha mayi a Bitoni. Ndaweramira pansi, ndamuika kumsana, watsetsereka. Ndayesanso, wapezeka m'khwapa, mutu pansi, akuseka. Ndagogoda kwa mayi Namakhwa. Andimanga, mfundo imodzi paphewa, ina pachifuwa, zothina ngati mtolo wa nkhuni. Kenako aitana a khomo lakumtunda kuti adzaone.

Ndayenda naye m'kanjira ka m'munda wa tiyi. Mutu wake walemera kumsana. Wagona! Ndabwerera, ndakhala pa bedi mwakachetechete, wadzuka. Ndaimirira, wagona. Ndayesa kutsamira khoma. Amadziwa.

Loweruka

Ntchito theka la tsiku. Ndadutsa bwinobwino, pothandizidwa ndi tsabola wakambuzi amene ndimaluma ndikayamba kuona madengu awiriawiri.

Pa malaini ponse dzina langa tsopano ndi "amake Bitoni". Ana akundipatsa moni wotero. Dalaivala wa thirakitala wandifunsa kuti chitenje ndinagula kuti.

A Namakhwa podzuka madzulo andimvera chisoni. "A Kalaliki, mukuvutikiranji nokha m'tiyimo? Tulo tikakana muzibwera naye ku geti. Ine ndimakhala maso mpaka kucha, ndizikugwirirani, inu n'kutsinzinako pa benchi."

Mawu abwino chotere sindinawamve sabata yonse.

Titadya ndamubereka, ndekha ulendo uno, mfundo yagwira. Tapita ku geti. Mbaula ikuyaka, chibonga chatsamira khoma, benchi lilipo. Pa benchipo pali a Namakhwa, chijasi mpaka kumutu, nkonono womwe uja.

Ndatsokomola. Ndaitana. Bitoni wawamenya ndi chipewa chawo chomwe. Angotembenuka.

Kuchoka sindikanatha, geti lili losakhoma ndipo mkatimo muli tiyi wa kampani. Ndiye takhala. Ine pa ndowa, Bitoni akuyendayenda ndi chibonga, akulondera. Galimoto ya bwana ikudutsa ndaimirira kutsogolo kwa benchi n'kukweza dzanja. Bwana ayimitsa, ayang'ana ine, chitenje, mwana, chibonga. Apita.

Kukuyera a Namakhwa adzuka, adziwongola. "Mwaona? Kukhala awiri usiku sukhalitsa."

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndinavala nsapato imodzi, n'kukhala pansi kufuna inzake, basi ndi zomwe ndikukumbuka. Podzuka ndapeza Bitoni wathira ufa m'nsapato inayo.

Lole yafika madzulo. Mayi a Bitoni atsika mawu atasasa, mapazi otupa, fumbi mpaka m'nsidze. Asanalowe m'nyumba amva zonse panjira: za khadi, za sikelo, za geti. Aseka popanda mawu, pakhosi pangotuluka mpweya.

Ndawafotokozera kuti pulani inali yabwino, koma inakumana ndi zovuta zina za kunja.

Agona pa bedi osavula duku. Bitoni wakwera, wafufuza, wagwira khutu la amake n'kuyamba kulifinya. Sindinamalize kuthira madzi m'beseni, mwana wagona. Dzuwa lisanalowe, osasamba, osadya phala.

"Simumamupatsa khutu?" anong'ona mayi ake. "Amadzukadzukabe, koma akalipeza amagonanso."

Ndili ndi makutu awiri. Akhala opanda ntchito sabata yonse.

Ndati chabwino, chachikulu n'chakuti akukula, chaka chamawa tidzakhala tikugona ngati anthu. Mayi a Bitoni atsegula diso limodzi. Akuti ku Blantyre anachita chizungulire pa bwalo, amayi ena anawaperekeza kuchipatala, ndipo anamwino anawauza chimene chili: mwana wina ali m'njira. Akuti ndisataye chitenje chija, ndachizolowera kale.

Ndakhala pakhomo. A Namakhwa akudutsa ndi chijasi chawo, akupita kuntchito, nkhope yosalala, maso oyera. Mawa ndikafunsa akapitawo ngati ku geti kukufunika munthu wina.