Mchombo wa Tiyamike Uli m'Chikwama cha Eni

Lolemba

Ndilembe basi, chifukwa ndikati ndiuze munthu ndi pakamwa ndiyamba kulira.

Chikwama ichi chili pamphasachi si changa!

Ndiyambe bwino. Lero ndi tsiku la katemera wa Tiyamike, mwana wanga woyamba. Kusikelo tonse taika zikwama pabenchi kuti tivule ana. Amubaya, walira, ine ndalira naye pang'ono, ndatola chikwama, ulendo kunyumba. Kutsegula kuti nditenge thewera, ndikupeza:

- thewera la mwana wamkulu, loti Tiyamike angalowemo yense
- nsawa zokazinga, zodyako kale
- chipeso chothothoka mano
- sokosi imodzi
- supuni (ya chiyani kusikelo?)

Dzina mulibe. Nambala ya foni mulibe.

Kunja n'chimodzimodzi: chofiirira, ndi kambalame kagolide pachotsekera. N'chifukwa chake anthu amangochitcha Kambalame. Changa anandipatsa a Madamu, amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba ndisanachire. Anati, "Tenga uziikamo matewera. Masiku ano ngakhale ogulitsa zitumbuwa ali nacho, ine sindingachinyamulenso."

Matewera si kanthu. Koma m'kati mwake, kuseri kwa nsalu, muli kathumba kobisika. M'kathumbamo muli mchombo wa Tiyamike, womanga m'kansanza koyera.

Tsiku limene unagwa, Amama anandiuza pa foni: "Usautaye, usauonetse munthu. Ndikamaliza kukumba nsawa ndibwera kudzautenga, ndiukwirire kuno kwathu ku Chipangali. Mwana amene mchombo wake sunagone pakwawo amangoyendayenda, sadziwa khomo." Nyumba yathu ya lendiyi makoswe ndiye eni ake. Ndinati malo abwino ndi m'chikwama chimene sindisiyana nacho.

Amama akubwera Lamulungu.

Mawa m'mamawa ndili kukiliniki. Mwini wa ichi nayenso akusowa zake. Abwera. Abwera ndithu.

Lachiwiri

Sanabwere.

Anesi ndi munthu wabwino koma akuseka. "Amayi, dzulo pabenchipo Tumbalame tinali tambiri kuposa ana. Ine ndidziwa bwanji kanu?" Andilola kukhala pageti.

Ndili pageti, mwana kumsana. Abale, ndinalibe maso ine! Ndimati Kambalame ndili nacho ndekha ndi anthu owerengeka. Wa mimba, Kambalame. Wodzaona odwala, Kambalame, ndi bakuli la phala m'kati. Wosesa, Kambalame. Ndikugwadira aliyense, ndikupempha kuti ndione m'kati.

Wina: "Ukundiyesa wakuba ine?"

Wina: "Mwakhala bwanji, ndinu apolisi?"

Amayi ena achikulire atsegula okha. "Fufuza mwanawe, ukapezamo chabwino tigawane."

Amene andilola, ndikupisa dzanja kuseri kwa nsalu. Kathumba mulibe. Onse mulibe. Ichi ndinatenga dzulochi namonso mulibe. Sindikumvetsa.

Tiyamike thupi latentha. Anesi ananena dzulo kuti katemera amatero, ndipo lero abwerezanso, amugwira pachipumi, akuti si kanthu. Ndikudziwa. Koma mtima ukuti zayambika, mwana wamva kuti kanthu kake kali kwa eni.

Atate ake sindinawauze. Abwera otopa, tsiku lonse kupalasa njinga kunyamula anthu. Akuti, "Amake Tiya, chikwama chako lero chikuwala bwanji." Ndangoti eee.

Lachitatu

Kutentha kwatsika. Zikomo Ambuye.

Pulani yatsopano: kumsika, kumene amagulitsa zikwama. Mwina wogulitsa akumbukira mwini wa ichi.

Zili pa chingwe ndandanda ngati nsomba zoyanika. Zofiirira, zakuda, zina kambalame kake kopindika khosi. Wogulitsa wachiona changa chosinthachi, wachisisita. "Katundu wanga uyu! Wolimba!" Ndamufunsa anagula ndani. Waseka mpaka kuitana mnzake wa nsapato kuti adzamve.

"Asisi, ndagulitsa ku Madzimoyo, ndagulitsa ku Kasenengwa. Kwaya yathunthu inagula zofanana. Wina anagulira akazi ake awiri tsiku limodzi kuti pakhomo pakhale mtendere."

Ndiye ndafunsa za zimene zili ndi kathumba kobisika. Wasiya kuseka.

"Kathumba kuseri kwa nsalu? Zipi yake imalira?"

Siilira.

"Fungo?"

Ndati ngati ng'ombe yosamba ndi sopo.

Munthu wakhala pansi pa belo la katundu wake. Akuti changa chija chinali chenicheni, chachikumba, chochokera kunja. Akuti iye chiyambireni malonda chenicheni sanachigwirepo, amangochiona pa foni. Akuti mtengo wake munthu agula njinga zamoto ziwiri.

Ine mayo! Ndinkachikoleka pa msomali pamwamba pa mbaula. Tsiku lina ndinanyamuliramo kapenta.

Tsopano mantha akula. Chabodza munthu amabweza. Chenicheni abweza ndani?

Ndawauza atate ake zonse. Pa mawu oti njinga zamoto ziwiri, atuluka panja, aima kuyang'ana njinga yawo yakapalasa nthawi yaitali. Ndimati abwera ndi ukali. Alowa, amunyamula Tiyamike, amuvundukula kamalaya, ayang'ana pamimba pake. "Chikwamacho adye eni ake. Ife tifune kathu."

Ndawaikira ndiwo zambiri.

Lachinayi

Kwa a Madamu. Galu wandikumbukira, mlonda watsopano ayi.

A Madamu amulandira Tiyamike ndi manja awiri. Iye wawabwezera mkaka pa bulauzi. Angoseka, akuti ndiye moni wake.

Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze kuti n'chodula. Akuti, "Ukanachinyamula?" Zoona, ndikanachikwirira.

Akuti atachigula ku Joni, kutchalitchi azimayi ankatembenuka mutu ulaliki uli m'kati. Kenako woimba wina anaoneka nacho pa TV. Kenako aliyense. Opanga ake ataona kuti anthu achikonda anakweza mtengo, ukafuna umayembekeza miyezi, komabe anthu osaleka. Zabodza zinadzaza misika. "Tsopano chenicheni chikuoneka ngati chabodza. Anzanga onse anatsekera zawo m'makabati." Akuti zatsopano akupanga zopanda kambalame, kuti azizindikirana okhaokha odziwa. Ndipo zopanda kambalamezo ndiye zodula kwambiri.

Kulipira zambiri kuti akuchotsere mbalame. Ine sukulu ndinalekezera panjira, mwina n'chifukwa chake.

Ndawauza za mchombo. Amama anati usauonetse munthu, sanati usanene. Ndimati a Madamu aseka zakumudzi. Sanaseke. Akuti ya ana awo awiri sakumbukira n'komwe kumene inapita, anali otanganidwa ndi ntchito. Ana onse ali kunja kwa dziko. Ayang'ana foni yawo patebulo, aitembenuza chafufumimba.

Ndikanakonda akanaseka.

Kenako adzuka ndi mphamvu. "Tichipeza!" Alemba pa gulu la azimayi la pa foni, limene muli theka la Chipata: Kambalame CHENICHENI chasinthika kusikelo Lolemba, amene ali nacho apite kunyumba yakuti, kuseri kwa chigayo.

Ndati chonde a Madamu, mawu oti chenicheniwo achotseni.

Akuti apita kale.

Lachisanu

Anthu pakhomo ngati pamaliro!

Onse ndi Tumbalame tawo. Ena sanapiteko n'komwe kusikelo. Wina mwana wake womaliza ali ku koleji. Bambo wina wabwera ndi cha akazi ake m'jumbo. Palibe wabwera kudzabweza. Aliyense akufuna amve ngati chake chasanduka chenicheni iye osadziwa.

Ndipo mbiri yamveka kuti ine ndimadziwa fungo. Ndakhala pampando, iwo pamzere, ine kununkhiza ndi kupisa dzanja:

- pulasitiki
- pulasitiki
- pulasitiki ndi mafuta odzola
- nsomba
- pulasitiki
- mankhwala a chifuwa
- ichi sindinena

Kathumba mulibe.

Mayi wina wabwera pa galimoto, waiimika kutali, wadikira mpaka anthu achepe. Akunong'ona: "Ine sindinasinthe ndi munthu. Koma amuna anga anandigulira ku Lusaka pokumbukira tsiku la ukwati wathu. Anati n'chenicheni." Ndanunkhiza. Maso ake ali pa ine ngati a mwana amene akudikira jakisoni. Ndati, "Amayi, amuna anu amakukondani, fungo lake ndi lomwelo." Wapita akumwetulira. Ambuye mundikhululukire, tsiku linali lalitali.

A landilodi akuti udzu wawo wapondedwa, ndipo ngati ndatsegula bizinesi ndinene.

Tiyamike ndiye wadyerera. Wayenda m'manja mwa azimayi onse, wapatsidwa sopo, kachipewa, ndi mayina atatu atsopano. Ndimamuyang'ana akuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, osalira, osandifuna n'komwe. Kuyendayenda kuja si kumeneku?

Amene ali ndi changa sanabwere. Kaya wadziwa, kaya alibe foni.

Mphuno ikuwawa.

Loweruka

Atate ake alawira, akuti lero ntchito ndi imodzi: kuyang'ana mapewa a azimayi tauni yonse. Abwera masana opanda kanthu. Atukwanidwa kangapo. Mayi wina anawafunsa ngati alibe mkazi kunyumba. Wina anawalonjeza kuti aitana amuna ake.

Akhala pamphasa. Kenako atulutsa kanthu m'thumba la shati. Kakuda, kouma, kopotoka.

Ndinatsala pang'ono kukomoka.

"Kachitsa ka therere louma," akutero. "Taona bwino amake Tiya. Si chimodzimodzi? Apongozi maso awo anayamba kuchita nkhungu."

N'chimodzimodzi ndithu. Mpaka kundiopsa.

Zofunika:
- kansanza koyera (ndang'amba mpango wakale)
- ulusi
- nkhope yosagwedezeka (iyi ndilibe)

Ndamanga. Ndamasula. Ndamanganso. Ndikuganiza Amama akukumba kadzenje kuseri kwa nyumba yathu, akugwada ndi mawondo awo opweteka aja, akupempherera therere. Ndamasula.

Ndili m'kati mochita zimenezi, Tiyamike ali chagada pachitenje, akundiyang'ana. Ndati, "Iwe, ukuona zimene akuchita amako?" Wamwetulira! Koyamba! Osati za m'tulo zija, ayi, maso ali pa ine, nkhama zonse panja. Atate ake agwada, akuchita phokoso la belu la njinga ndi pakamwa kuti abwereze. Wabwereza.

Ndalira mpaka kansanza kanyowa. Ndakayanika. Ndamanganso.

Nyumba ndasesa kawiri. Mawa.

Lamulungu

Amama afika. Thumba la nsawa pamutu, nkhuku kukhwapa, ndipo paphewa — Kambalame!

Moni sindinapereke. Ndachitsomphola, mphuno m'kati, dzanja kuseri kwa nsalu. Kathumba mulibe.

"Mwana uyu wapenga? Ndinkamva kuti uchembere umazunguza mutu, koma izi!" Akuti azimayi onse a kumpingo kwathu anagula atagulitsa nsawa, amene alibe amakhala kumbuyo.

Adya. Amusambitsa mdzukulu, amuyang'ana paliponse, m'makutu, m'zala, akuti mphuno ndi ya kwathu. Kenako atambasula dzanja. "Bwera nako."

Ndapereka. Atate ake atuluka msanga kukakonza njinga imene sinawonongeke.

Amama amasula ulusi. Ayang'ana. Apita pakhomo pamene pali kuwala, ayang'ananso. Anunkhiza.

"Kameneka kamafuna chidulo ndi tomato."

Basi ndaulula zonse, benchi, geti, msika, a Madamu, mzere wa pakhomo. Ndikulira, mamina, mwana nayenso wayamba. Ndimati mwina Amama anyamuka abwerere.

Kenako apuma mpweya waukulu.

"Wako ndinaukwirira ndi manja angawa, pansi pa nkhokwe, ndinaikapo ndi mwala. Nanga suli kuno kutauni, kwanu kufikako pa Khirisimasi pokha?"

Amunyamula Tiyamike, apitiriza:

"Ndinkafuna kachidutswa chifukwa ndimadziwa kuti mwana wathunthu simundibweretsera. Kachidutswa mwataya. Ndiye mubwera naye yense. Aponde dothi lathu ndi timapazi take, adye dothilo ngati afuna. Mwezi uno usanathe. Wamva, iwe wa njinga panjapo?"

Panja: "Ndamva, amayi."

Therere lija Amama aliponya mu mbaula okha.

Ndiye zatha choncho. Sindinachipeze, ndipo ndaleka kufuna. Mantha sanathe onse, atsala pang'ono pansi pa nthiti, mwina ndi amene amakhala mwa mayi aliyense. Amama agona pamphasa masana ano, Tiyamike pachifuwa pawo, onse awiri pakamwa yasa.

Kwinakwake kuli mayi amene wanyamula mwana wanga pang'ono paphewa, iye osadziwa. Mwina akupita naye kumunda, mwina ku ukwati, mwina wakwera basi.

Mayi inu, kaya muli kuti. Chikwamacho sungani, n'chanu. Koma chonde muziyenda naye malo abwino. Kumowa ayi.