Bedi Londidikira Pachilumba

Lolemba
Pasipoti yafika! Zaka naini mu Dublin osatuluka, ngati nkhuku yakhungu m'khola. Ulendo woyamba: chilumba chotentha chija chinadzitsekera zaka makumi asanu, chaka chino chayamba kulandira alendo. Kwathu ku Balaka ndidzapita chaka chamawa. Amayi sakudziwa kuti pasipoti yatuluka, ndipo asadziwe. Ndagula: chipewa, magalasi akuda, mapatapata.

Lachiwiri
Ofesi ya viza ili m'nyumba yakale ku Rathmines, pamwamba penipeni. Pamzere ndilipo ndekha. Bambo wa patebulo sakuphethira. Akuti kwawoko kulibe mahotela, mlendo amagona m'chipinda cha munthu amene anachoka osabweranso. Ine andipatsa cha wina dzina lake Ilena. Pafomu palibe polemba tsiku lobwerera. Ndafunsa. "Mukakambirana ndi banja lanu."

Lachitatu
Foni pa buleki kuntchito. Mayi wachikulire wa pachilumba paja, Chingerezi chothyokathyoka: "Ilena, mwana wanga." Ine woleredwa bwino, wamkulu akaitana sutsutsa: "Ee, amayi." Pakamwa pangapa! Mayiyo akulira, kumbuyo kwake khamu likuwomba m'manja.

Lachinayi
A pachilumba atumiza zithunzi: bedi loyala, diresi lachikasu pamsomali, mbale yovundikira patebulo. Mbaleyo akuti amaiika tsiku lililonse chikwerereni sitima Ilena. Diresilo ndi saizi yanga ndendende. Chisomo, mnzanga wa pa shifiti: "Iwe, cancel! Holiday ya kumizimu imeneyo." Nsanje basi.

Lachisanu
Viza yatuluka. Nkhope yanga, dzina la Ilena. Ndathamangira ku Rathmines. Bambo uja: "Munavomera nokha, mudzi wonse unamva." Nanga alendo amene anapita kale? "Palibe wadandaula." Nanga wabwerako alipo? Akungomwetulira. Ndikuopa, ndisaname.

Loweruka
Ndili kudoko ku Dún Laoghaire, magalasi akuda kumaso, mvula ikuwaza. Ndiwavalire pompano, poti kuchilumbako sindikudziwa ngati ndipita. Foni yalira kasanu, nambala yachilendo, osaiyang'anitsitsa n'komwe. Kachisanu ndi chimodzi ndayankha mwaukali m'Chichewa, mantha andiiwalitsa Chingerezi: "Sindine mwana wanu!"

Kenako: "Chabwino."
Mawu a amayi. A ku Balaka. Anabwereka foni ya aneba.

Lamulungu
Za chilumba zatha. Ndaimbira amayi, ndapepesa, ndaulula za pasipoti. Sanakalipe, bola akanakalipa. Angoti, "Bedi lako ndimalikutumula Loweruka lililonse. Dzulo ndimafuna ndikufunse ngati ndileke."
Asaleke.
Ndikufufuza tikiti ya ku Chileka. Chipewa ndi mapatapata zikagwira ntchito ku Balaka, nakonso kumatentha mokwanira.
Mayi wa pachilumba watumizanso chithunzi cha mbale ija. Yovundikirabe. Iyeyo sindikudziwa amene akamuuze kuti Ilena sakubwera.